Lenti yaifupi ya ku Tete

Titabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndinali nditangoyamba kumera ndevu. Tinamanga pafupi ndi vila, katauni ka Fingoe, pamalo pomwe panali tchire lokhalokha, ndipo kwa zaka zambiri maganizo a aliyense anali pa mbewu, mbuzi ndi denga. Zinthu zitakhazikika, anthu anayamba kufuna zithunzi. Akuluakulu ankafuna za pa bilyeti, chiphaso cha boma chija, ana a ku shikola za mayeso, ndipo okwatirana ankafuna chotumizira abale omwe anatsalira kutsidya. Wojambula anali mmodzi yekha, wochokera ku Tete, wobwera mwa apo ndi apo. Chithunzi cha khanda chinkafika mwanayo atayamba kale kuyenda.

Ine kujambula ndinkakudziwa pang'ono. Abusa a mpingo wathu ku Zambia kuja anali ndi makina a filimu, ndipo anandiphunzitsa kuti ndizijambula paubatizo iwo ali m'madzi. Choncho chaka china fodya atachita bwino, ine ndi mkazi wanga tinagwirizana kuti tigulitse mbuzi zingapo zowonjezerapo, ndigule makina a dijito, aja otheka kusintha lenti, galasi lakutsogolo lija. Iye anangondiuza kuti ng'ombe zolimira ndisazikhudze, zinazo ndiona ndekha.

Ku Tete ndinapita ndi alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Iwo ankakumba golide, ndipo mzindawo ankaudziwa bwino. Njira yonse m'shapa, minibasi ya kwathu kuno, ankandiuza kuti wojambula weniweni amadziwika ndi lenti yaitali ngati mkono, yoti anthu akaiona patali ayambe kukonza makolala. Kunena zoona, nanenso mtima wanga unali pomwepo.

Tinayenda m'maloja angapo, masitolo a mumzindamo, dzuwa likuswa mtengo, mitengo yake ikutibweza pakhomo. Pomaliza tinalowa m'kaloja kena kakang'ono, momwe munali mayi wachikulire wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Nditawauza zomwe ndinali nazo m'thumba, sanaseke. Anatulutsa makina otsika mtengo kuposa onse, omwe ankabwera ndi lenti yakeyake yokoka pang'ono, n'kundiuza kuti zotsalazo zingakwane chinthu chimodzi chokha: lenti yaitali ija, kapena ina yaifupi yosakoka n'komwe pamodzi ndi bateriya yachiwiri. Kenako anandifunsa komwe ndizikajambula. Ndinati m'matchalitchi, m'nyumba za anthu, pansi pa mitengo. Anafunsanso ngati kwathu kuli magetsi, ndipo ndinayankha kuti kutchaja n'kupalasa njinga mpaka ku vila.

Anatilowetsa m'chipinda chosungira katundu, momwe munali kamdima ngati ka m'tchalitchi cha kumudzi, n'kundiuza kuti ndijambule alamuwo. Ndi lenti yaitali, nkhope yawo inatuluka ngati ya munthu yemwe ukumuona m'madzi ogwedezeka. Ndi yaifupi ija, chinkaoneka ngakhale chipsera cha pachibwano chawo. Mayiwo anati yaifupiyo imatsegula diso kwambiri, n'chifukwa chake siopa mdima. Alamu anati zimenezo n'zam'nyumba, titulukire panja tione.

Pakhonde ndinaikanso yaitali ija, n'kuloza tsidya lina la msewu. Kunali mayi wina wogulitsa masau. Nkhope yake inabwera pafupi ngati ndamukhalira pamphasa. Ankapukuta thukuta ndi nsonga ya kapulana yemwe anamanga m'chiuno, milomo ikuyenda, kaya ankaimba kaya ankapemphera, osadziwa kuti wina akumuyang'ana. Chala changa chinali pabatani, koma sindinadine. Ndinakumbukira alendo omwe ankabwera kumalo a othawa nkhondo kuja. Ankaima pafupi ndi galimoto lawo, malenti aatali ali kumaso, n'kumatijambula tili pamzere wa ufa, kenako n'kumapita. Sindikuti anali anthu oipa, mwina zithunzi zawozo n'zomwe zinkabweretsa ufawo. Koma palibe anatipatsapo moni, ndipo sitinaonepo m'mene tinkaonekera.

Ndinabwerera m'loja n'kunena kuti nditenga yaifupi ndi bateriya.

“Alamu, mwagulitsa mbuzi zonse zija kuti mugule kachivindikiro ka botolo?” anandifunsa alamuwo.

Ndinawayankha kuti anthu omwe ndizikawajambula ndi oti ndimadya nawo, palibe chifukwa chowaimira patali. Sanakhutire, ndipo pobwerera m'shapa anangoyang'ana kunja mpaka tinawoloka Zambezi.

Ntchito yanga yoyamba inali ukwati ku Chiputo, m'tchalitchi chomwe anali atangochifolera malata, cha mawindo aang'ono ngati a khola la nkhunda. Lenti ija inagwiradi ntchito, koma inandivutitsa mwa njira ina. Popeza siikoka, wokoka ndinali ineyo ndi miyendo yanga. Ndinkachita kupita kutsogolo, kupepesa kwa akuluampingo, kugwada pafupi ndi akwati, anthu onse akundiyang'ana. Pachithunzi cha abale onse ndinabwerera chammbuyo mpaka kulowa m'munda wa mapira, ndisanakumbukire kuti lenti yokoka pang'ono ija, yobwera ndi makina, ili m'chikwama. Poisintha, mphepo inalowetsa fumbi m'makina, ndipo zithunzi za masana amenewo zili ndi kadontho kakuda pamwamba pa mutu wa mkwati. Kuyambira pamenepo ndinkasinthira lenti m'kati mwa malaya.

Sikuti ndinasankha bwino pa zonse. Tsiku lina anyamata a ku Chipera atabwera kudzasewera mpira ndi athu, pazithunzi osewera onse anatuluka ngati nyerere pabwalo. Alamu anaona zithunzizo, anangokhosomola, ndipo ndinawamva. Kangapo ndinaganiza zodzagula yaitali ija, koma nthawi zonse pankapezeka china chofunika kuposa iyo, denga kapena mankhwala a ng'ombe.

Amayi anga ndiwo anakana kujambulidwa kwa nthawi yaitali. Ankati makinawo ndi a ntchito, si oseweretsa pa nkhalamba. Kenako mmawa wina mvula itangosiya, anandiitana n'kundiuza kuti nditenge makinawo tipite kumabwinja a mudzi wathu wakale, komwe sanapondeko chibwerere. Ndinawakweza panjinga. Tinapeza mitengo ya mango yokha, ndi mwala wopererapo utakwiririka theka m'dothi. Anauchotsa udzu ndi manja, n'kukhala pambali pake. Ndinagwada pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo, ndipo ndinadina.

Nditawaonetsa pakagalasi kakumbuyo, anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

“Iwe, ndimafanana ndi amayi anga chonchi?” anatero.

Ndinati sindikudziwa, popeza agogowo anamwalira ine ndisanabadwe. Anagwedeza mutu, anamanganso duku lawo bwinobwino, n'kundiuza kuti ndijambulenso china, mwalawo uoneke wonse.