Chitsulo Choti Chizigwedera

Amuna anga anali mmisiri wowotcherera zitsulo ku Ndirande. Mageti, zitseko, zitsulo za m'mawindo, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Titasamukira kuno kutsidya kwa nyanja, ku tauni ya Corby, ine ndinapitiriza unesi wanga, iwo anapeza ntchito yomata makatoni ku weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Tauni yotchuka ndi zitsulo inalandira mmisiri wa zitsulo n'kumupatsa selotepi. Sankadandaula ayi, anangosiya kucheza pa nthawi ya chakudya, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa madandaulo.

Tsiku lina anaweruka akuimba mluzu. Mnzawo wa kuntchito, mzungu wachikulire, anali m'kalabu ya owombera mfuti pafamu ina kunja kwa tauni. Kalabuyo inkafuna miyendo yachitsulo yopachikapo chandamale, timbale tachitsulo timene amatiwombera. Ine zinandidabwitsa kuti anthu akuluakulu amalawirira Loweruka, kuzizira konseku, kukapha mbale. Koma amuna anga anali atabwereka kale makina owotcherera.

Galimoto inayamba kugona panja, galaja yatengedwa. Anawotcherera monga ankachitira kwathu, kumene chitsulo chabwino ndi chimene wakuba sangachisunthe. Mbale iliyonse anaimata kuti gwa pa miyendo yonenepa. Chimodzi chokha tinachinyamula awiri, msana wanga n'kundikwiyira sabata yonse.

Mzungu uja atabwera kudzaona, anachizungulira, n'kuchikankha ndi phazi. Sichinasunthe. Amuna anga anandiponyera diso monyadira. Kenaka mkuluyo anati ntchitoyo ndi yokongola kwambiri, ndipo ine amene ndagwira ntchito ndi anthu akuno ndinadziwiratu kuti zavuta. Anafotokoza mwaulemu kuti mbale iyenera kulendewera pa tcheni itaweramira pansi, kuti chipolopolo chikaimenya igwedere, zidutswa zigwere m'dothi. Ikauma gwa, zidutswazo zimatha kubwerera kwa wowombera. Komanso miyendo izimasulidwa kuti izikwana m'buti ya galimoto.

Mlendo atapita, amuna anga anakhala pa ndowa.

"Mayi, mwamva? Akufuna ndipange chinthu chogwedera. Ine, manja angawa?"

"Ndiye bwezani makinawo, mubwerere ku makatoni anu," ndinawayankha.

Ndinayankhula mwaukali chifukwa ndinkaopa kuti achitadi zomwezo.

Kwa masiku angapo m'galaja munali zii. Kenaka ndinamva girayinda yodulira zitsulo ikulira. Ndinawapeza akudula zimene anawotcherera okha, thukuta lili kamukamu, chitsulo chikukana.

"Mukuona? Ngakhale ine mwiniwake chikundivuta," anatero. Sindinadziwe ngati akudandaula kapena akudzitama.

Anagula matcheni ndi mabawuti, n'kupanga zinthu zowonda, zolendewera, zoti ngakhale mphepo inkazigwedeza. Ankaziyang'ana ngati kholo limene mwana wake wakwatiwa ndi munthu wosamufuna.

Tsiku lokaziyesa anandipempha kuti ndiwaperekeze. Tinaima kumbuyo titavala zotseka m'makutu, matope ali m'nsapato. Mfuti ikalira, mbale inkati ngwe n'kugwedera, azungu n'kumwetulira. Amuna anga ankadzidzimuka ngati chipolopolocho chalasa iwo. Kuwombera kutatha anapita kukapapasa malo onse owotcherera, amodziamodzi, osapeza mng'alu.

Mkulu uja anawaonetsa kwa anzake. Sanati ndi mnzake wa ku weyahausi, anati, "Uyu ndiye wowotcherera wathu." Ndinaona amuna anga akuwongola msana, ine misozi n'kulengeza, n'kunamizira mphepo. Mkuluyo anapepesanso kuti zitsulo zotere sizikhalitsa: matcheni amaduka, miyendo imabooka, ndiye zikadzawonongeka adzawavutitsanso.

Pobwerera ndinawafunsa ngati sizinawapweteke kuona ntchito yawo ikuwomberedwa chonchija.

"Ambiri aja maso anatha," anatero. "Aziphonya mbale, azimenya miyendo. Mulungu akalola, pofika Isitala zikhala zitathyoka zonse."