Kumene a Endel Adzagone

Mayi Helju Kuusksalu sanasamukepo m'mudzi mwawo kufupi ndi Obinitsa, kum'mwera chakum'mawa kwa Estonia. Malire ndiwo anasamuka n'kudzawapeza. Ali mtsikana ankakama ng'ombe pa famu ya boma la Soviet, ndipo Loweruka ankapita kumsika ku Petseri popanda wowafunsa. Kumsika komweko anakumana ndi a Endel, mnyamata wa ku Tailova amene ankagulitsa anyezi koma osadziwa kutsatsa malonda. Atakwatirana, a Endel anadzakhala kwa akazi awo. Estonia italandiranso ufulu, Petseri ndi Tailova zinatsala mbali ya Russia. Poyamba panangozikidwa mitengo yopaka utoto, kenako kunabwera ziphaso, kenako waya ndi makamera. Makolo a a Endel anatsala tsidya lija, m'manda a pa tchalitchi cha ku Tailova.

Ngakhale zinavuta chotero, chaka ndi chaka pa tsiku la Migula, woyera wa tchalitchicho, mayi Helju ankawoloka ndi dengu lawo monga achitira Aseto onse, anthu a mtundu wawo okhala mbali zonse ziwiri za malirewo. Mapemphero akatha ankayala nsalu pamwamba pa manda a apongozi awo n'kuikapo buledi, mazira, nsomba, sõir, tchizi ya kwawo imene ankaphika okha, ndi botolo la kachasu wa handsa. Pano pafunika kunena bwino, pakuti chachikulu si chakudyacho ayi, koma odya. Wodutsa aliyense amaitanidwa, amanyema kanthu, n'kutchula dzina la wagona pamenepo. Chakudya chikatsala, ndiye kuti wakufayo wagona ndi njala. Cha mayi Helju chinkatha dzuwa lisanafike pamutu.

Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, boma linachenjeza anthu kuti asamapite ku Russia, ndipo ulendo uja unatha. Kuseri kwa munda wawo wa mbatatesi, makina anayamba kukumba ngalande yotchinga akasinja. Asilikali a ku Britain ndi ku France ankadutsa pamsewu akakhala pa maphunziro awo, n'kumakweza manja mwaulemu kwa agogo osawadziwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Meelis, amene ntchito yake ndi ya magetsi, analowa gulu la anthu odzipereka kuteteza dziko. Munthu wotere sangayerekeze kuponda tsidya lija.

Kenako mapapo a a Endel anayamba kufooka, mpaka dokotala wa ku Võru analeka kulonjeza. M'mawa wina akumwa khofi, Meelis ali pomwepo, a Endel anakankhira kapu patsogolo.

"Mayi a Meelis, ine mukandigoneke ku Tailova, pafupi ndi amayi."

"Mwayamba liti kulamula m'nyumba muno?" anafunsa mayi Helju.

"Lero. Ndachedwa, koma ndayamba."

"Bambo, mukudziwa kuti ine sindingakafikeko," anatero Meelis. "Ndikangowoloka, mudzandionera pa wailesi ya kanema."

"Anakutuma ndani kuvala zobiriwirazo? Munthu wophunzira, kumakumba maenje ngati mfuko!"

"Maenje amenewo ndi oti inuyo muzigona tulo."

"Tulo ndikupita kukagona tambiri, mwanawe. Pano ndikungosankha bedi."

Mayi Helju sanaseke. "Nanga adzakuyalirani nsalu ndani?"

"Amayi adzandigawira pa yawo."

"Iwonso akhala osadya chiyambire nkhondo."

A Endel anatsokomola nthawi yaitali, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi Helju sanavomere, sanakanenso. Sikuti kuwolotsa maliro kunali kosatheka. Kunali kovuta ndithu, koma mavuto a mapepala sanali amene ankawalemera mumtima. Amuna awo anasiya kwawo chifukwa cha iwo, ndipo pa zaka zonsezi anali asanapemphepo kanthu kakakulu. Kuwakaniza chinthu chimodzi chokhachi kunkaoneka nkhanza. Kuwasiya kumene mwana wawo sadzakhalako pansi n'kunyema buledi kunkaonekanso nkhanza. Choncho anaganiza zokaona okha asanayankhe.

Anakapeza chiphaso, ndipo tsiku la Migula la m'mwezi wa Meyi litakwana, Meelis anawaperekeza pa galimoto mpaka pa chipata cha malire cha Koidula, njira yonse atatupa ndi mkwiyo. Anawalanda foni, poti munali zithunzi zake ali mu yunifolomu. Sõir ndi handsa anati zitsale, zingawachedwetse pa chipata.

"Akakufunsani za ine, mwana wanu ndi wamagetsi basi. Za ngalande simukudziwa kanthu. Mwamva, amayi?"

"Iwe, ndakhala ndi bambo ako zaka zonsezi. Kukhala chete ungandiphunzitse ndiwe?"

Anawoloka wapansi. Ku Petseri anagula buledi, nsomba youma ndi mazira owiritsa, n'kukwera basi ya ku Tailova. Manda a apongozi awo anawapeza atakwiririka ndi udzu. Anagwada n'kuzula ndi manja, anapukuta mtanda, anayala nsalu, n'kukhala pansi kudikira.

Kale pa tsikuli munthu ankasowa poponda. Tsopano nsalu zinali apa ndi apo, kutalikutali, aliyense atayang'ana pa manda ake. Mabanja a Aseto ambiri anasamukira mbali ya Estonia kalekale, ndipo chaka chino sanabwere. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka, buledi ali wosanyema.

Kumapeto kwa manda kunali mzere watsopano, dothi likadali lofiira, pamwamba pakupepera mbendera. Pa benchi panakhala mayi wina wachi Russia, wocheperapo msinkhu, manja ali pamiyendo. Mayi Helju anadziwa za manda otero popanda wowauza. Mnyamata wagona apoyo anapita ku nkhondo yomweyo imene inabweretsa ngalande kuseri kwa munda wawo. Anamuyang'ana mayiyo, n'kuyang'ana kumbali. Mtima wawo sunafune. Koma chiyambire sanamvepo kuti pa manda munthu amasankha womuitana. Wodutsa ndi wodutsa. Anaimirira, mawondo akulira, n'kuitana m'Chirasha chimene anaphunzira kusukulu.

"Amayi, bwerani mudzadye, muwakumbukire apongozi anga."

"Sindikuwadziwa ine," anayankha mayi uja.

"Palibe kanthu. Maina awo ndi Matro ndi Semmen."

Mayiyo anabwera pang'onopang'ono, anatenga dzira, n'kutchula mainawo molakwitsa pang'ono. Anasenda dziralo mosamala, makoko n'kuwaika m'thumba la jekete.

"Muli ndi mwana inu?" anafunsa.

"Ndili naye mmodzi."

"Amatani?"

"Ndi wamagetsi."

"Azikhala wamagetsi yemweyo," anatero mayi uja, n'kubwerera ku benchi yake.

Panalibenso wina amene anadutsa. Nthawi ya basi itakwana, mayi Helju anakhuthulira zotsalazo pa udzu kuti akhwangwala adye, anapinda nsalu, n'kupepesa kwa apongozi awo chapansipansi.

Atafika kunyumba anapeza a Endel atatsamira mapilo pa bedi la pafupi ndi zenera. Mayi Helju sanavule ndi nsapato zomwe. Anakoka mpando n'kukhala.

"Amayi ali bwanji?" anafunsa a Endel.

"Udzu unawakwirira. Ndazula."

"Anadya angati?"

"Mmodzi."

"Mmodzi? Pa tsiku la Migula?"

"Mmodzi, nayenso sadziwa kuti a Matro anali ndani." Anapuma kaye. "Bambo a Meelis, ku Tailova sindikakugonekani. Ndikukuuzani mukadali maso, kuti ndisadzakupusitseni mutatseka maso. Mudzagona ku Obinitsa. Ngati mukufuna kukwiya, kwiyani lero, ndili pompano."

A Endel anatembenukira kuzenera, kumene nkhalango imabisa waya.

"Ndiye kuti amayi atsala okha."

"Atsala okha."

Akanatha kuwonjezera kuti zinthu zidzasintha, kuti chipata chidzatseguka monga kale. Koma sankadziwa ngati zidzatero, ndipo akuluakulu olankhula pa wailesi nawonso sankaoneka kuti akudziwa. Choncho sananene.

A Endel anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ngati kuti mwagwa kachitsotso.

"Koma osandiika pafupi ndi malemu Arvo. Munthu uja ali moyo ankadya za anthu atatu pa maliro alionse. Adzandimalizira zonse."

"Malo a pafupi ndi a Arvo ndi amene ali m'mbali mwa njira. Anthu onse ochokera m'tchalitchi amadutsa pamenepo."

"Onse?"

"Onse. Ndi osaitanidwa omwe."

A Endel analingalira, milomo ikuyenda pang'ono.

"Chabwino, pafupi ndi Arvo," anatero. "Koma muziphika zambiri."