Mabokosi Amene Ndinapita Nawo kwa Apongozi ku Santhe

Ndinafika pa depoti ya Kasungu Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndili ndi paketi ya shuga komanso pepala limodzi lopinda m'thumba la malaya. Mkazi wanga anali ndi ntchito ku chipatala tsiku limenelo, ndiye ndinapita ndekha kwa bambo ake, aBanda, mphunzitsi wopuma.

ABanda akhala akudzaza kolosiwedi ya m'nyuzipepala zaka zambiri, aja mabokosi amene umalembamo mawu opingasana. Amakonda yovuta ija, imene funso lake limakulozera kumadzulo yankho lili kum'mawa. Koma maso awo anayamba kuchita ng'ala, ndipo apongozi aakazi anatiuza pa foni kuti bambo amangokhala pakhonde duu, nyuzipepala osaigwiranso. Ndiye ndinakhala milungu itatu ndikupanga yangayanga, ya Chichewa, yoti ndikawawerengere pakamwa. Mantha ndinali nawo. Chikwatirire mwana wawo, ndinali ndisanamvepo aBanda akuyamikira chinthu chimene ndachita.

Kondakitala wa minibasi anati faifi sauzande, ndipo analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Munthu mmodziyo tinamudikira ola lathunthu. Titadutsa pa Chinkhoma, pamene malole a mabelo a fodya anali pamzere, ndinatulutsa pepala langa kuti ndilionenso. Bambo wina amene ndinapanikizana naye, wonunkhira fodya wa m'chigafa, anasuzumira.

"Achimwene, ndi mayeso?"

Ndinawafotokozera, kenako ndinawayesa ndi funso limodzi: "Umamera m'tchire, umagwa ku okushoni. Zilembo zisanu ndi chimodzi."

Anakanda mutu mpaka tinawoloka kamlatho kena. Kenako anamenya bondo langa, osati lawo.

"Mtengo! Iii, inu ndinu oipa mtima. Chaka chino wagwadi!"

Minibasi yonse inaseka, ndipo mayi wina kumbuyo anati ndipereke lina. Ndinawerenga ili: "Ndi mbale wabisa munda wa kudambo." Anthu anatchula mpunga, ena nzimbe. Nditawaonetsa kuti mawu akuti dimba akhala mkati mwa "ndi mbale", mayiwo anakwiya ndithu.

"Ameneyo si mwambi, ndi umbava. Munthu ungaone bwanji ndi makutu?"

Ndinaseka nawo, koma mawu awowo anandilasa. Amene ndinkapita kukawawerengerawo analinso oti aone ndi makutu.

Tinafika pa Santhe dzuwa litakwera. Ndinagula chimanga chootcha ndi kapu ya thobwa, kenako ndinakwera kabaza wa njinga yopalasa pa sauzande imodzi ndi theka. Njira inadutsa m'minda yoti fodya anathyola kale, mwangotsala mapesi ali njo. Pa mchenga tinkatsika n'kumakankha tonse, ine amene ndalipira ndi iye amene walipidwa.

ABanda ndinawapeza pakhonde, atavala jekete ngati akupita kukalasi. Ndinagwada pambali n'kupereka moni. Titatha zofunsana za kunyumba, ndinanena chimene ndabwerera.

"Ya Chichewa? Mwapanga inuyo?" anatero. "Chabwino, werengani. Pang'onopang'ono."

La mtengo analiyankha ndisanamalize n'komwe.

"Limeneli ndi la ana a sitandade 4. Koma ndi loona. Pitirizani."

La dimba analibwereza kawiri chapansipansi, akuwerenga zilembo ndi zala pa bondo.

"Dimba. Mwabisa bwino, ndipo mwandichenjeza ndi mawu akuti wabisa. Funso labwino limasocheretsa munthu, koma silimunamiza."

Lachitatu analikana. Ndinali nditalemba kuti, "Gona apa, finya ng'ombe," yankho lake kama. Iwo anati ng'ombe safinya, chimene amafinya ndi bere, ndipo wolemba waulesi ndiye amasiya wowerenga akonze yekha funso. Anandiuza kuti ndilifufute iwo akumva kulira kwa labala.

Ndinayang'ana funso lotsatira. Ndinalilemba ndili ku Kasungu, osaganiza kuti ndidzaliwerenga pamaso pa ndani. Ndinafuna kulidumpha.

"Mwasiya limodzi," anatero. "Mpweya wanu wasintha."

Ndinawerenga ndi mawu otsika: "Chovala chobadwa nacho, mdima wa masana."

Apongozi aakazi, amene ankasenda mtedza chapafupi, anaimitsa manja. ABanda anatembenuzira nkhope kubwalo.

"Khungu," anatero.

"Pepani bambo, sindinaganize."

"Mukupepesa chiyani? Pa onsewa, ili lokha ndi limene landiimitsa. Anthu onse pakhomo pano akuwopa kutchula mawu amenewa, ngati ndikawamva ndifa. Inu mwawaika m'mabokosi." Anaseka mpaka kutsokomola. "Koma mdima wa masana mwawonjeza. Ine ndimaona ngati utsi wa m'khitchini. Mukonze."

Tinamaliza mafunso onse khumi ndi asanu ndi atatu cha m'ma 3 koloko. Anayi anawakana, awiri anati ndi abwino, otsalawo anati "angakhale". Pamene ndimatsanzika anandifunsa ngati basi ya Loweruka imavuta, chifukwa iwonso ali ndi mafunso awo m'mutu, koma alibe wowalembera. Anayamba kunditchulira loyamba ndili chiimire, ndipo kabaza amene anabwera kudzanditenga anadikira mpaka ndinalemba atatu.

Pobwerera ndinakhala pawindo, fumbi likulowa. Poyamba ndinkaganiza kuti munthu wodwala umamupititsira zofewa zokhazokha. ABanda sankafuna kuwanyengerera. Ankafuna chinthu cholimba choti alimbane nacho, ndi munthu woti amudzudzule. Funso lawo loyamba lija ndinafika nalo pa Kasungu ndisanalipeze yankho.