Mapepala Amene Ndinabisa M'sutikesi

"Akadzakuuzani kuti zonse tazisunga, muwafunse kuti adzaziwerenga ndi chiyani." Anandiuza mawu amenewa ndi injiniya wina wokalamba wa ku Manassas, sabata imene ankapuma pa ntchito. Anali wouma mtima, wosapereka moni, koma bodza sankalidziwa. Mwa anthu onse a pa labu ija ya ku Fairfax, yekhayo ndi amene ndinkamukhulupirirako, ndipo naye sindinkamukhulupirira kwathunthu.

Pa labupo ankayeza madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime. Ine sindinkagwira madziwo, yanga inali kompyuta. Osati timakompyuta tanuti toika pamiyendo, ayi. Inali chimphona cha makedzana, chachikulu ngati mafiriji awiri, chokhala ndi chipinda chakechake chozizira, moti ndinkavala juzi ngakhale m'chilimwe. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Blantyre ndisanabwere kuno, ndipo pamene ndinkaipeza ku Fairfax, Amereka eniake anali atayamba kale kunyansidwa nayo. Zotsatira zonse za madzi zinkalembedwa pa matepi ozungulira ngati mbale, ine n'kumalemba tsiku pa tepi iliyonse ndi kuisanja pashelefu.

Kompyuta yotere siidziwa yokha kulankhula ndi makina a tepi, kaya pulinta. Pamafunika kapulogalamu kokhala pakati ngati womasulira. Timakatcha dalaiva. Chipangizo chilichonse ndi dalaiva wake. Tsono mkulu uja, injiniyayo, anasintha dalaiva wa tepi ndi manja ake kalekale, kuti tepi imodzi izilowa zambiri. Matepi athu onse analembedwa m'kalembedwe kakeko, ndipo panalibe dalaiva wina padziko lino wotha kuwawerenga.

Tsiku limene anandichenjeza, ndinadikira onse apite ku chakudya chamasana. Ndinalamula pulinta isindikize dalaiva yense, mzere ndi mzere, pa mapepala aja olumikizana a mabowo m'mbali. Ndinawapinda, kuwakulunga m'chitenje, ulendo wa kunyumba ku Woodbridge. Analowa m'sutikesi pansi pa zovala za ku tchalitchi. Sindinauze munthu, ngakhale mwana wanga.

Panapita zaka. Makina a tepi anayamba kutafuna matepi, ndipo bwana watsopano, msinkhu wa mwana wanga woyamba, anaitana kampani ina kuti ibweretse makina ena. Ndinapita ku ofesi kwake.

"Bwana, dalaiva wathu si wamba. Asamukhudze."

"Musadandaule, mayi. Zonse tazisunga."

"Mwazisunga pati?"

"Pa tepi," anatero, maso ali pa foni.

"Ndiye tepiyo mudzaiwerenga ndi chiyani?"

Anaseka. Mwana ameneyo anaseka ine! Anati ndimadandaula ngati agogo ake, nanditsegulira chitseko kuti ndituluke.

Anandipatsa tchuthi cha masiku atatu kuti ndisawasokoneze. Pobwera ndinapeza makina akale atapita kotaya zitsulo, atsopano akuwala pamalo pake. Bambo wina wa ku kampani ija anafufuta dalaiva wa mkuluyo naikapo wa kufakitale. Anayesa tepi yatsopano, inalemba bwino, inawerenga bwino, iye n'kunyamula chikwama chake. Palibe anaganiza zoyesa tepi yakale ngakhale imodzi.

Patatha milungu iwiri, anthu a kumudzi wina kupitirira Manassas anafunsa zotsatira zakale za zitsime zawo. Ndinakoleka tepi. Inazungulira pang'ono, n'kuima. Ina, chimodzimodzi. Ndinayesa mpaka khumi. Bwana anati titenge tepi ija yosungira dalaiva. Inakananso, pakuti nayo inalembedwa ndi dalaiva yemweyo. Anatsekera kiyi m'nyumba, anthu a madigiri awiriawiri.

Mukuganiza kuti anavomera? Mawa lake ndinaitanidwa, n'kupatsidwa kalata yoti ndisaine. Inati matepi anawonongeka chifukwa wowasamala sanawasunge bwino. Wowasamalayo ndine. Ine amene ndinkaletsa anthu kulowa ndi khofi m'chipindamo, ine amene ndinkayendetsa galimoto pa chipale chofewa mu msewu waukulu wa 95 kukaona ngati makina oziziritsa sanazime! Zaka zonsezo, dzina langa lidzathere pa mawu akuti anawononga matepi? Ndinawerenga kalatayo kawiri.

Mkulu uja anali atamwalira. Wondichitira umboni panalibe, kupatula sutikesi. Koma ndinkadziwa lamulo: palibe kutulutsa pepala la pa ntchito kupita nalo kunyumba. Ndikakhala chete, ndine wowononga. Ndikalankhula, ndine wakuba. Ndinauza mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ali pakhomo kuvala nsapato.

"Amayi, ingosainani mupume. Dzina mudya?"

"Iwe, dzina ndinabwera nalo pa ndege. Sindilisiya ku Fairfax."

M'mawa ndinaika chitenje patebulo la bwana n'kuchimasula. Anayang'ana mapepala achikasu aja ngati ndamubweretsera njoka.

"N'chiyani ichi?"

"Ndi zimene munati mwasunga."

Masiku anayi ndinakhala pa kompyutayo kutaipa dalaiva yense ndi zala zanga, rula ili pansi pa mzere kuti ndisadumphe. Inki inali itafwifwa, maso anga nawo ndi a gogo. Anaitananso bambo wa ku kampani kuti asinthe mizere ingapo, dalaivayo azindikire makina atsopano. Ndinaima kumbuyo kwake nthawi yonse.

"Mayi, mukhoza kukhala pansi," anatero.

"Ndinakhala pansi ulendo watha. Mwaona zimene munachita."

Tsiku lachisanu ndinakoleka tepi yakale kwambiri pashelefu, dala. Inazungulira, osaima. Pulinta inayamba phokoso lake lija ngati matalala pa malata, manambala a zitsime n'kumatuluka mzere ndi mzere. Ndinang'amba pepalalo, kupita nalo kwa bwana pamodzi ndi kalata ija.

"Ing'ambeni pamaso panga."

Anaing'amba. Ndinapempha zidutswazo n'kuziika m'chikwama.

Pepani sanandiuze. M'malo mwake, sabata yotsatira anandifunsa kuti anandilola ndani kutulutsa mapepala a pa labu. Anati mwa chifundo chawo sanditengera patali, bola ndibweze mapepalawo ndipo ndiganizire zopuma. Chifundo! Ndinabweza, ndinapuma. Anandigulira keke ya m'sitolo, ine osailawa. Koma kalata imene ndinatuluka nayo imati ndinapuma mwaulemu, ndipo za matepi owonongeka mulibemo. Chimenecho ndicho ndinkafuna.

Mapepala ndinabwezadi, nditawajambulitsa kaye ku laibulale ya ku Woodbridge. Ali m'sutikesi momwemo, pamodzi ndi zidutswa za kalata. Kompyuta ija ndikumva kuti ikadalipo, akuti aichotsa chaka chamawa, monga ankanenera chaka chilichonse. Tsiku lina wina adzafufutanso dalaiva, ndipo adzafuna kunamizira munthu.

Pano ndimakhala m'chipinda chapansi kwa mwana wangayu. Iye amachoka m'mamawa, adzukulu ndikawalankhula amayankha m'Chingerezi ali pa masitepe. Mwezi wathawu ndinamva mpongozi wanga akufunsa kuti sutikesi yakale ija ya agogo ikudikira chiyani. Akuganiza kuti makutu anga anafa.

Choncho inu a ku tchalitchi, inu odutsa mu 95 popita ku ntchito, muzipatukako kudzandiona. Muyambe mwaimba foni, ndipo mugogode katatu, chifukwa ndimasuzumira kaye pa katani. Mukalowa musangofunsa za mawondo anga. Mufunsenso ngati sutikesi ikadali pansi pa bedi, ndipo ndikakuuzani kuti ilipo, muwerame muione ndi maso anu.