Chimbale cha ku Japan pa Maliro a Agogo

Agogo anga ankadziwika ndi kubuma. Kwathu ku Ntcheu maliro akagwa, anthu amene anali kutali ankadziwira mawu awo kuti bokosi latuluka m'nyumba. Masiku wamba ankagulitsa fodya wa m'mphuno pamsika n'kumakangana ndi makasitomala, koma akafika pa siwa ankasanduka munthu wina. Ankayamba motsitsa, kuitana malemu, kumufunsa mafunso oti sangayankhe, kenako mawu n'kukwera mpaka amayi ena onse n'kuwalandira. Sankaphonya maliro ngakhale a munthu amene anayambana naye. Ankati maliro n'kulirana.

Ine ndinali mdzukulu wowachititsa manyazi pa nkhani imeneyi. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo n'kutsatira chimanga chisanaume. Pa maliro onse awiri sindinagwetse msozi. Ndinaima pafupi ndi nkhokwe n'kumayang'ana mapazi a anthu, amene anavala nsapato ndi amene sanavale. Amayi a m'mudzi anati mwanayu ngouma mtima. Agogo ananditenga, anandilera, anandiphunzitsa sukulu ndi fodya wawo uja. Tsiku lina pa maliro a mnansi wathu ananditsina pantchafu kuti mwina ndilireko. Ndinangowayang'ana.

Tsiku lonyamuka kubwera ku Amereka anandiperekeza pa depoti. Basi ikubwera, anandikoka mkono.

"Ine ndalira anthu onse a m'mudzi muno. Nanga ine adzandilira ndani? Iwe mwala iwe?"

Anaseka, inenso ndinaseka. Koma funso lija ndinakwera nalo basi, ndinakwera nalo ndege.

Kuno ndinapeza malo ku Germantown, m'chipinda cha pansi cha banja lina la kwathu, ndipo ntchito ndinaipeza ku Annandale, yosamalira mayi wina wokalamba. Ulendo wake ndi wautali, choncho ndinagula galimoto yakale. Tsiku loyamba nditayatsa wailesi yake, munamveka limba, lokhalokha, pang'onopang'ono ngati pa tchalitchi anthu akamalowa. Ndinati mwini wake wakale anali wopemphera. Ndisanamalize ganizolo, magitala ndi ng'oma zinagwa pamodzi ngati matalala pa malata. Ndinatsala pang'ono kulowa mumzere wa mnzanga. Ndinadina batani lotulutsira chimbale, chinakana. Ndinayesa ndi kampeni, chinakanabe. Mawayilesi ena sankagwira. Sabata yonse ndinayenda mwakachetechete.

Chimene chinandibwezera ku chimbalecho ndi kutopa ndi mndandanda wa magalimoto pa msewu waukulu. Ndinachiyatsa motsitsa, n'kuyamba kuchita zimene ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse pakati pa anthu: kukhala phee n'kumasiyanitsa uyu ndi uyu. Ndinapeza kuti m'phokoso lija muli dongosolo. Muli mayi wa mawu okwera, oyera, amene safulumira ngakhale ng'oma zikuthamanga pansi pake. Muli bambo amene saimba kwenikweni, amangobangula kukhosi ngati chigayo cha dizilo chikamayamba. Woimba ng'oma amamenya ndi mapazi onse awiri. Limba lija silichoka, limabisala kumbuyo n'kumatulukira magitala akapuma.

Nyimbo zake zilipo zisanu ndi zinayi. Yachitatu ili ndi vayolini amene amandikumbutsa munthu woyenda yekha mvula itangokata. Yachinayi sindiikonda mpaka lero. Onse amalankhula nthawi imodzi ngati mlandu wa malire a munda. Yachisanu ndi chitatu bambo uja amatalikitsa nkhani. Koma yachisanu ndi chimodzi nditaimvetsera bwino koyamba, ndinapatuka n'kuima pamalo omwetsera mafuta. Mayi uja amayamba yekha, motsitsa. Amabwereza liwu limodzi katatu ngati akuitana munthu. Amakweza mawu kumapeto ngati akufunsa, n'kudikira, osayankhidwa. Kenako amakwera, ndipo zida zonse zimamulandira pamodzi. Ndinati mumtima, uku ndiye kubuma. Munthu ameneyu, kaya ali kuti, amadziwa ntchito ya agogo.

Chikuto cha chimbalecho ndinachipeza pansi pa mpando ndikusesa. Panali chithunzi cha mayi wovala diresi lakuda lalitali, ataima m'tchalitchi chogumuka denga, maluwa oyera atamwazika pansi. Zilembo zake sindinazidziwe. Mnzanga wa ku Philippines, amene timalandirana naye ntchito, anandiuza kuti ndi Chijapani, ndipo nyimbo za mtunduwu amazitcha gothic metal. Anafuna kundifufuzira tanthauzo la mawu ake pafoni. Ndinakana. Pa siwa munthu sumva mawu onse a wobuma, koma umadziwa zimene akunena.

Anthu a ku tchalitchi kwathu sindinawauze. Chikuto chokha chija akanachiona akanandiitanira mapemphero. Ndikamatenga munthu pa galimoto ndinkayamba ndazimitsa wailesi asanatsegule chitseko. Koma ndikakhala ndekha, mawindo otseka, ndinayamba kumutsatira mayi uja pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi. Poyamba ndinkangong'ung'udza. Patapita miyezi, tsiku lina ndikuwoloka mlatho wa pa mtsinje waukulu, kukhosi kwanga kunatuluka mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Misozi panalibe. Koma mawu analipo, ndipo ankabwera tsiku lililonse nyimboyo ikafika.

M'chaka changa chachitatu kuno, Lachinayi lina m'nyengo yozizira, azakhali anga anaimba foni ndikungoimika galimoto pakhomo. Ndinazimitsa injini n'kuyankha. Agogo anali atatisiya. Mapepala anga anali asanatuluke, ndikanapita sindikanabwerera. Azakhali anati akumvetsa, maliro aikidwa Loweruka, koma pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuchita. Bokosi likamatuluka m'nyumba adzandiimbira, adzaika foni pafupi ndi bokosilo mawu ali okweza, kuti ndilire anthu onse akumva. Umu ndi mmene amachitira ana onse a m'mudzi mwathu amene ali kunja.

"Anthu amve kuti mayi analera munthu," anatero azakhali.

Masiku awiri aja sindinapite ku ntchito, sindinakhudze galimoto. Ndinkayesa kulira ndekha m'chipinda kuti ndione ngati zitheka. Sizinatheke.

Loweruka m'mawa eni nyumba anachotsa mipando pabalaza. Kwathu kukamakhala masana kuno kumakhala kukungocha, choncho anthu anafika molawirira, ena kuchokera ku ntchito osagona. Amayi anakhala pansi atavala zitenje pamwamba pa mayunifolomu, abambo anakhala kukhitchini. Aliyense wolowa ankayamba kulira ali pakhomo monga mwa mwambo, koma motsitsa, chifukwa nyumba za kuno n'zogundana ndipo makoma ake ndi opyapyala. Ine anandikhazika pakati, n'kundimanga mpango. Ndinadzipeza ndikuyang'ana nsapato zimene anavula pakhomo, zambiri zoyera za ku chipatala, ina yong'ambika kuchidendene. Ndinali mwana uja wa pa nkhokwe.

Kumbuyo kwanga kunakhala amayi ena a ku Lusaka, namwino wamkulu, a mawu aakulu, amene timapemphera nawo. Iwo ndi amene anapatsidwa ntchito yogwira namfedwa. Dzanja lawo linali pamsana panga nthawi yonse, ndiye ankamva okha kuti msanawo sukugwedezeka.

Foni inalira. Pagalasi lake ndinaona denga la nyumba yathu, nkhope za anthu, kenako m'mbali mwa bokosi. Azakhali anati agogo ndi awa, ndilankhule nawo. Ku Ntcheu kunakhala bata, ku Germantown kunakhala bata. Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinamva munthu wina kumudziko akutsokomola. Kenako azakhali ananena mofulumira kuti netiweki ikuvuta, ayamba aimbitsa nyimbo ina ndipo andiimbiranso foni posachedwa. Netiweki inalibe vuto. Ankandibisira manyazi, ndipo ndinadziwa kuti mwayi watsala umodzi.

Amayi a ku Lusaka anaimirira n'kulengeza kuti m'nyumbamo mwatentha kwambiri, mwanayu akomoka, akukandipitsa mphepo. Kunja kunali chisanu choluma. Galimoto yawo inali itatsekeredwa ndi za anthu ena, choncho anati tilowe mu yanga, ndiyatse zotenthetsera. Anandilanda foni n'kuiika pamiyendo pawo. Ndikuganiza kuti ankafuna kundilankhula, mwina kundipempherera. Ndinapotokola kiyi, nditaiwala kuti Lachinayi lija ndinazimitsa injini wailesi isanazime.

Chimbale chinapitiriza pamene chinalekezera, kumapeto kwa nyimbo yachisanu, pomwe bambo wa chigayo uja amabangula ndi mphamvu zake zonse. Amayi aja anagwira pachifuwa.

"Iwe, ni vichani ivi? Ndiye vamene umanvela?"

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, manyazi awiri atandigwira nthawi imodzi. Koma nyimbo ija inatha yokha, ndipo yachisanu ndi chimodzi inayamba. Mayi wa ku Japan anaitana koyamba. Anaitana kachiwiri. Dzanja langa lili pa batani, amayi a ku Lusaka analigwira n'kulichotsapo. Anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Leka," anatero motsitsa. "Uyu mukazi afeledwa."

Kukhosi kwanga kunachita zimene kunazolowera kuchita pa msewu waukulu. Mayi wa m'chimbale uja atafunsa funso lake n'kudikira, ine ndi amene ndinalowa. Nthawi yomweyo foni inalira. Amayi aja sanandifunse kanthu. Anayankha, n'kuigwira pafupi ndi pakamwa panga.

Ndinaitana agogo. Ndinawaitana katatu monga ankachitira iwo. Ndinawafunsa kuti andisiyira ndani, ndinawafunsa kuti fodya wawo amugulitsa ndani, ndinawauza kuti mwala wawo uja ndi uno. Penapake m'katimo ndinaitananso amayi anga ndi bambo anga, amene anadikira zaka zonsezi. Magitala atagwa, ndinaganiza kuti amayi a ku Lusaka atsitsa wailesi. Sanatsitse. Anakweza mawu awo aakulu aja n'kundilandira, ndipo m'kasipika ka foni ndinamva amayi a ku Ntcheu akulandiranso, gulu lonse, bokosi likutuluka. Misozi inabwera sindikudziwa. Ndinangoona kuti mpango wanyowa ndipo mawindo achita nthunzi.

Nyimboyo itatha foni inali itaduka kale. Kenako amayi aja anandipukuta kumaso ndi chitenje chawo, n'kunena kuti manje ndizimitse visatana vangavyo tisanagwidwe, tilowe m'nyumba. Titalowa, anthu anaona maso anga ofiira n'kundikonzera malo. Amayi aja anangouza gulu kuti mwana walira agogo ake, kumudzi amva. Za chimbale sananene, ndipo sananenepo mpaka lero.

Azakhali anaimbanso patapita masiku atatu. Anati m'mudzi monse nkhani ndi yanga. Amayi omwe aja amene ankati ndine wouma mtima anati mawu ndi a agogo enieni, mwana anangowasunga. Koma chimene chinadabwitsa anthu kwambiri ndi china.

"Kodi ku Amerekako maliro mumalira ndi bandi?"

Ndinati nthawi zina. Azakhali anati zinali zaulemu kwambiri, m'mudzimo palibe anaperekezedwapo ndi limba ndi magitala, ndipo mayi wotsogolera kwaya uja ndimuthokozere. Anangodandaula za bambo wa besi amene anamveka chakumapeto. Anati akapimitse chifuwa.

Mayi wotsogolera kwaya uja sindingathe kumuthokoza pamaso. Sindidziwa ngati akuimbabe, kapena chimene chinamupweteka polemba nyimbo imeneyo. Mwina mawu ake amanena za zinthu zina kotheratu. Sindinafufuze. Ndimangodziwa kuti kwa zaka pafupifupi zitatu anandiphunzitsa, ulendo uliwonse wa ku Annandale, zimene agogo analephera kundiphunzitsa ndi kutsina. Ndimathokozanso munthu amene analowetsa chimbalecho mokakamiza mpaka kukanirira, kaya anali ndani.

Galimoto ija inafa chaka chotsatira. Ndisanaipereke kwa ogula zitsulo, ndinapempha makaniko kuti aphwasule wailesi anditulutsire chimbale changa. Anadabwa, koma anachita. Chinatuluka ndi kamzere kamodzi kokha, pa nyimbo yachinayi imene sindiikonda ija.

Miyezi ingapo yapitayo amayi a ku Lusaka anataya mchimwene wawo. Iwo anali ndi mapepala, koma uthenga unawapeza mochedwa, maliro ataikidwa kale. Tinasonkhana kwawo ku Upper Marlboro, tinakhala pansi, tinaimba nyimbo za m'buku. Ine ndinapempha kuti ndikhale kumbuyo kwawo. Dzanja langa lili pamsana pawo, ndinamva kuti akulira mosamala, mwa munthu woganizira makoma. Anthu atayamba kudya, anatembenuka n'kundinong'oneza kuti m'nyumbamo mwatentha.

Tinatuluka n'kulowa m'galimoto yanga yatsopano, mmene ndinali nditasamutsira chimbale chija. Atakhala pampando n'kutseka chitseko, anavula magalasi awo n'kuwaika m'chikwama.

"Ika ija ya namba sikisi," anatero.