Mchere wa pabala la amayi

Amayi anabwerako kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe ali ndi kapaipi kotulukira kumsana, pamwamba pa chiuno. Likodzo la zaka zambiri linali litatseka njira ya mkodzo, ndiye madokotala anaboola kuti impso izitayira m'thumba. Thumbalo ankalifunda m'chitenje. Pobwerera, anyamata achipani atakwera basi kudzafunsa makadi, amayi anapisa m'chiuno n'kuyamba kutulutsa thumba lija. Anyamatawo anangotidumpha.

Malangizo onse namwino anandiuza ine, poti mwana wamkazi ndinali ndekha. Kunyanja asakasambe. Pabala pazitsukidwa tsiku lililonse ndi madzi owiritsa othira kamchere, pakauma n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Litsiro likalowa, anatero, limatsata paipi mpaka kuimpso, ndipo kwanu ku Liwaladzi n'kutali ndi chipatala.

Chinavuta ndi mcherewo. Ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo kwathu mkazi amene akugona ndi mwamuna wake amati ndi wotentha. Akathirira wodwala mchere kapena kumugwira pabala, akuti wodwalayo amatupa n'kufa ndi tsempho. Amayi zimenezi ankazikhulupirira kuposa jakisoni.

"Mpeni wa dokotala ndaupulumuka," anatero nditabwera ndi beseni, "ndiye ndife ndi dzanja la mwana wanga? Chotsa madzi akowo."

"Amayi, namwino uja sanali kukugwirani?"

"Zakuchipatala zimathera kuchipatala. Kuno n'kumudzi."

Anayesa kudzitsuka okha, koma dzanja silifika kumsana, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kuzula paipi. Azakhali, amene anali amasiye, anadzipereka, koma anabwera ndi masamba osinja oti amate pabala. Ndinawabweza pakhomo, ndipo mwezi wonse sanandiyankhe moni. Kunama kuti ndikugona ndekha sikukanathandiza. Nyumba zathu zinali zoyandikana, ndipo amayi sanali ogontha.

Nsalu ya pabala inayamba kununkha. Khungu lozungulira paipi linafiira. Ndinkapsa mtima ndi kuuma mutu kwawo, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Ndinkangowagwira pamphumi ndi maso, kudikira malungo.

Mwamuna wanga anali mkamwini wa ulemu wakale: akawaona apongozi ake panjira ankapatukira m'chinangwa. Koma tsiku lina dzuwa lili pamutu, anthu ali m'makonde, anakulunga bulangeti ndi kapoto, n'kusenza, n'kudutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa khonde la amayi. Anaima chowafulatira, n'kulankhula ndi ine mokweza ngati ndili kutsidya.

"Ndapita kukakhala kumsasa wa asodzi ku Bua. Ndidzabwera amayi akadzachira."

Azimayi apamtondo anaseka mpaka kusiya misi. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Amayi anamuperekeza ndi maso mpaka anazimiririka m'migwalangwa.

Mkuja wake amayi anandiitana. "Wazizira tsopano. Wiritsa madzi. Koma mchere ndithira ndekha."

Anatapa ndi zala zawo. M'bafa laudzu anakhala pakampando, ine n'kukoleka thumba pakamtengo m'munsi. Ndinasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kumatula nsalu ija. Ndinapukuta kuchokera papaipi kupita kunja, osabwereza mbali imodzi ya kansalu. Thupi lonse ndinalisambitsa ndi tawulo yonyowa, madzi osafika pabala. Msana umenewu ndi umene unandibereka, koma ndinali ndisanauyang'anepo bwino. Unali utachepa.

"Manja ako ndi olemera ngati a bambo ako," anadandaula. Ndinadziwa kuti akumva bwino.

Kufiira kunayamba kuchepa, fungo linatha, malungo sanabwere. Tsiku limene ndinapeza nsalu youma ndi yoyera, ndinangokhala pansi m'bafamo. Mtima wanga unali usanakhale m'malo chichokere ku Lilongwe.

Mvula itatha madokotala anawachotsa paipi, njira ya mkodzo itatseguka. Bala litapola, ndinawaperekeza kunyanja m'mawa. Analowa mpaka m'khosi, n'kukhala momwemo nthawi yaitali ngati mwana. Potuluka anadzipukuta, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Tumiza mawu ku Bua. Munthu uja udzudzu wamudya mokwanira. Msanawu wapola, ndikufuna mdzukulu woti ndim'bereke."