Maliro a Thunthu la Nthochi

Ndinalandidwa atate kawiri: poyamba ndi nyanja, kenako ndi pakamwa pa anthu a kwathu ku Zemba. Sukulu ndinasiyira giredi 5, nditatopa kutchedwa mwana wa wothawa. Lero ndadula nthochi kudimba, ndipo fungo la utomoni wake landikumbutsa tsiku lija.

Atate anali kaputeni wa sitima yonyamula nsomba za kapenta ku doko la Mpulungu. Chaka cha chimanga chachikasu anatenga anyamata awiri a m'mudzi mwathu kukawapatsa ntchito. Sitima inamira. Mitembo ya anyamatawo inabwera, koma wa atate sunapezeke.

Kwathu mtembo ukasowa timaika thunthu la nthochi m'manda. Amalume analidula, amayi analikulunga mu nsalu, pamwamba naikapo chipewa choyera cha atate.

Adzukulu okumba manda anafika ndi makasu, koma sanakumbe. Wamkulu wawo anali mchimwene wa mmodzi wa anyamata aja.

"Mayi, ife sitikumbira munthu wamoyo," anatero. "Amuna anu ndiwo anayamba kudumpha. Pano akudya nsomba ku Tanzania."

"Munawaona?" amayi anafunsa.

"Nanga inu mtembo munauona?"

Ananyamula makasu napita. Anthu anawatsatira, ngakhale akwaya.

Mkazi sakumba manda, koma amayi anatenga khasu lawo lolimira nsawa. Amalume anasenza thunthu, ine ndinatenga chipewa, tinapita atatu kumanda. Nthaka inali youma, khasu linkangodumpha. Ine ndinaima padzuwa, chipewa chili m'manja.

"Gwira bwino," amayi anatero, osatembenuka. "Chipewa cha atate ako chisagwe pansi."